Jeanne d'Albret, Mfumukazi ya ku Navarre

Tikamakamba za Cikonzedwe ca Mpingo, maina amene amabwera msanga ndi a azibambo: Martin Luther, John Calvin, John Knox. Ngakhale ana a m'kalasi amawachula osaphonya. Koma mutafunsa pa msonkhano wa Cigwirizano kuti ndani anamvapo za Jeanne d'Albret, kapena sipangaoneke dzanja ngakhale limodzi. Komatu mwa anthu onse amene anatsata ciphunzitso ca Reformed ku France m'masiku a Calvin, panalibe wina waudindo waukulu kuposa mai ameneyu. Analamulira zaka 17, ndipo zaka khumi zomaliza zinagwera m'nthawi ya nkhondo pakati pa Akatolika ndi Aprotestanti.

Dziko lake linali Navarre, kaufumu kakang'ono ka m'mapiri a Pyrenees, pa malire a France ndi Spain. M'caka ca 1512 mfumu Ferdinand ya ku Spain inalanda cigawo cacikulu ca kumwera kwa mapiriwo. Banja lacifumu linatsala ndi kadera ka kumpoto, pamodzi ndi dziko la Béarn limene likulu lake ndi mzinda wa Pau, ndiponso madera ena m'kati mwa France. Wokhala pa mpando wa Navarre anali ngati mwini dimba laling'ono pakati pa mafamu awiri akuluakulu, onse awiri akulisirira.

Ukwati woyamba

Jeanne anabadwa pa 16 Novembala 1528 pafupi ndi Paris. Atate ake anali Henri d'Albret, mfumu ya Navarre. Amai ake, Marguerite, anali mlongo wa François I, mfumu ya France, ndipo anali mai wophunzira kwambiri, wolemba mabuku. Marguerite sanatuluke mu Cikatolika mpaka imfa yake, koma anali kusunga ndi kuchinjiriza alaliki amene anali kusakidwa cifukwa ca ciphunzitso catsopano. Calvin yemwe, ali mnyamata wothawa ku Paris, anafikako ku Nérac, kumudzi kwa banjali, m'caka ca 1534.

Popeza mlongo wake anamwalira ali khanda, Jeanne ndiye anali wodzalowa ufumu, ndipo womukwatira anali kudzatenga Navarre. Atate ake anali ndi maganizo omupereka kwa mwana wa mfumu ya Spain kuti mwina dziko lolandidwa lija libwerere. Malume ake, mfumu François, sanafune kumva zimenezo. Anamtenga mwanayo namsunga m'nyumba yacifumu ya ku Plessis-lez-Tours, kutali ndi makolo ake, ndipo mu 1541 anamkakamiza kukwatiwa ndi William, wolamulira dziko la Cleves ku Germany, amene mfumuyo inafuna kuti akhale bwenzi lake pa nkhondo. Jeanne anali ndi zaka 12.

Mwanayo anakana. Anamnyengerera, anamuopseza, anamkwapula, koma sanasinthe. Cimene anacita cimadabwitsa olemba mbiri mpaka lero. Analembetsa kalata yonena kuti iye sakumufuna mwamunayo, ndipo ngati adzamveka atavomera, anthu adziwe kuti ndi cifukwa ca mantha ndi zikwapu. Anasaina, naitana mboni kuti nazonso zisaine. Pa tsiku la ukwati, mu Juni 1541 ku Châtellerault, anamveka covala colemera ndi golide ndi miyala ya mtengo wapatali, ndipo sanayende kupita kutsogolo. Ena amati covalaco cinamlemera, ena amati anangoumirira pomwepo. Mfumu inalamula mkulu wa asilikali onse a France, Montmorency, kuti amnyamule, ndipo anafika ku guwa ali m'manja mwa munthu. Ife amene taonapo ana akukwatiwitsidwa asanakhwime tikudziwa kuti nkhani yotere simakhala yoseketsa kwa mwini wake.

Popeza anali wamng'ono, sanapite kwa mwamunayo. Patapita zaka ziwiri William anagonja pa nkhondo nasiya ubwenzi ndi France, ndipo ukwati uja unakhala wopanda phindu kwa malume. Pamenepo akuluakulu anakumbukira makalata a mwana uja. Mu 1545 Papa Paul III anathetsa ukwatiwo.

Mwamuna wa mitima iwiri

Pa 20 Okutobala 1548 Jeanne anakwatiwa ndi Antoine de Bourbon, kalonga wa magazi acifumu a France. Ukwati uwunso unakonzedwa ndi akuluakulu, koma ulendo uno mkwatibwi anakondwa. Antoine anali msilikali wolimba mtima, wooneka bwino, wolankhula mokoma, ndipo Jeanne anamkonda ndi mtima wonse. Anabala ana asanu, koma atatu anamwalira ali aang'ono. Anatsala Henri, wobadwa ku Pau mu Disembala 1553, ndi Catherine, wobadwa mu 1559. Ku nyumba yacifumu ya ku Pau amaonetsabe alendo cigoba ca kamba wa m'nyanja cimene amati ndimo anali kugonekamo Henri ali khanda.

Atate ake atamwalira mu 1555, Jeanne ndi Antoine anakhala pa mpando wa Navarre. Zaka zimenezo mipingo ya Reformed inali kuphuka ponseponse ku France, ndipo abusa ophunzitsidwa ku Geneva anali kulowa m'dzikomo mobisa. Anthu anayamba kuwacha okhulupirirawo kuti ma Huguenot. Codabwitsa n'cakuti woyamba kuonetsa cangu anali Antoine. Mu 1558 anaoneka pakati pa khamu loimba Masalmo poyera ku Paris, pamene mkazi wake anali wosamala, akuyeza bwino za dziko lake ndi za ana ake. Jeanne anacedwa kusankha, koma atasankha sanabwererenso. Mu 1560 Theodore Beza, wothandizana ndi Calvin, anadzalalikira ku Nérac, ndipo pa tsiku la Khrisimasi caka comweco, ku Pau, mfumukazi inavomereza cikhulupiriro ca Reformed pamaso pa anthu, nidya Mgonero wa Ambuye monga mwa mwambo wa mpingowo. Calvin anailembera kalata yoilimbikitsa.

Mwezi womwewo mpando wa France unagwera mwana wa zaka khumi, Charles IX, ndipo wolamulira weniweni anali amai ake, Catherine de Medici. Antoine, monga kalonga wamkulu, anali munthu amene mbali zonse ziwiri zinali kumfuna. Akazembe a Spain anadziwa pamene panali kufooka kwake. Anamuuza kuti akaima ndi Akatolika, mfumu Philip II idzampatsa ufumu wina m'malo mwa Navarre wolandidwa uja, ndipo anachula cisumbu ca Sardinia. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Antoine sanauone ufumu umenewo mpaka kufa, koma cifukwa ca lonjezolo anatembenuka, nayamba kukakamiza mkazi wake kupita ku Misa. Anacotsa abusa m'nyumba, namuopseza kuti amleka ukwati. Catherine de Medici naye analangiza Jeanne kuti angogonjera mwamuna wake kuti asataye ufumu. Olemba a Reformed a nthawi imeneyo amasimba kuti Jeanne anayankha kuti kukanakhala bwino kuponya ufumuwo ndi mwana wake yemwe m'nyanja kusiyana ndi kupita ku Misa. Ndi mau oopsa kucokera pakamwa pa mai amene anali ataika kale ana atatu m'manda, ndipo akutionetsa kuti mwana wa ku Châtellerault uja sanasinthe.

Pa 1 Marichi 1562 asilikali a kalonga wa ku Guise anapha ma Huguenot ambiri amene anali kupemphera m'nyumba yosungiramo dzinthu ku Vassy, ndipo nkhondo inabuka. Mwezi womwewo Jeanne anacotsedwa ku bwalo la mfumu. Anatenga Catherine wamng'ono, koma Henri, wa zaka 8, anatsala m'manja mwa atate ake. Potsazikana anamlumbiritsa kuti asadzapite ku Misa. Mwanayo anayesetsa kwa miyezi ingapo, kenaka anagonja. Pa ulendo wobwerera kwao Jeanne anaima ku Vendôme, kumudzi kwa mwamuna wake, ndipo ali komweko asilikali a Huguenot anaononga machalichi, osasiya ngakhale limene munali manda a makolo a Antoine. Antoine anapsa mtima nafuna kuti mkazi wake agwidwe, koma iye anazemba nafika ku Béarn. Sanaonanenso. Antoine analasidwa ndi mfuti pozinga mzinda wa Rouen, akumenyana ndi gulu limene mng'ono wake weniweni, kalonga wa ku Condé, anali kutsogolera, ndipo anamwalira pa 17 Novembala 1562. Womdwazika anali mkazi wacibwenzi.

Mfumukazi yamasiye

Tsopano Jeanne anali yekha pa mpando, ali ndi zaka 34. Anapempha abusa ku Geneva, ndipo mu 1563 Calvin anatumiza Jean-Raymond Merlin kudzakhazikitsa dongosolo la mpingo ku Béarn: sinodi, akulu a mpingo, mwambo. M'chalichi cacikulu ca ku Lescar anacotsamo mafano ndi maguwa. Kadinala d'Armagnac atamlembera kalata yomudzudzula, mfumukazi inayankha yokha, mfundo ndi mfundo, ninenanso kuti m'dziko lake palibe amene waphedwa kapena kumangidwa cifukwa ca cipembedzo.

Mu Seputembala caka comweco Papa Pius IV anamuitana kuti akaonekere ku bwalo la Inquisition ku Rome pasanathe miyezi 6, apo ai acotsedwa mu mpingo ndipo dziko lake lidzakhala la aliyense wofuna kulilanda. Aliyense anadziwa kuti wolandayo akanakhala Spain. Jeanne sanapite. Womuikira kumbuyo anali Catherine de Medici, osati cifukwa ca cikondi ai, koma anaona kuti Papa akaloledwa kucotsa mfumu imodzi pa mpando, mawa adzacotsa ina. Nkhaniyo inazilala.

Nchito ya Jeanne imene inakhalitsa koposa inali ya sukulu ndi ya mabuku. Mu 1566 anakhazikitsa sukulu yaikulu ku Orthez yophunzitsa abusa ndi acinyamata, ndipo Pierre Viret, mmodzi wa alaliki ochuka a ku Switzerland, anadzathera zaka zake zomaliza m'dziko la mfumukaziyi. Anthu ake ambiri sanali kulankhula Cifalansa. A ku Béarn anali ndi cilankhulo cao, ndipo a m'mapiri anali kulankhula Basque, cinenero cosafanana ndi cina ciliconse ca ku Ulaya. Mbusa wina wa mtundu umenewo, Joanes Leizarraga, anapatsidwa nchito yomasulira Cipangano Catsopano, ndipo mfumukazi inalipira zonse. Bukulo linasindikizidwa ku La Rochelle mu 1571, ndipo lili pakati pa mabuku oyambirira kusindikizidwa m'cinenero cimeneco. A Basque ambiri anakhalabe Akatolika, komabe akatswiri a cinenero cao amalilemekeza bukulo kufikira lero. Masalmo a m'cilankhulo ca ku Béarn anatuluka mu 1583, mwini wake atapita kale.

Ku La Rochelle

Pa nkhondo ziwiri zoyamba Jeanne sanatenge mbali poyera. Anali atabweza Henri m'manja mwake kumayambiriro kwa 1567, ndipo anafuna kusunga mtendere m'dziko lake. Koma mu 1568 anaona kuti adani amzinga. Mu Seputembala ananyamuka ku Nérac ndi ana ake awiri, nadutsa m'madera odzaza asilikali a mfumu, nafika ku La Rochelle, mzinda wa m'mbali mwa nyanja umene unali linga la ma Huguenot. Anakhala kumeneko pafupifupi zaka zitatu. Anali kuyang'anira ndalama za nkhondo, kulandira othawa kwao, ndi kulemba makalata opempha thandizo ku maiko ena. Ndolo, mphete ndi mikanda yake ya mtengo wapatali anaipereka cikole kuti apeze ngongole kwa Mfumukazi Elizabeth ya ku England. Mlamu wake Condé ataphedwa pa nkhondo ya ku Jarnac mu Marichi 1569, asilikali anataya mtima. Jeanne anapita yekha ku msasa, naimika pamaso pao Henri wa zaka 15 pamodzi ndi mwana wa malemuyo, kuti adziwe kuti atsogoleri alipo. Woyendetsa nkhondo weniweni anali Gaspard de Coligny. Nthawi yonseyi mai ameneyu anali wodwaladwala, woonda, wovutika ndi cifuwa.

Iye ali ku La Rochelle, mfumu ya France inatumiza gulu la nkhondo kukalanda Béarn, ndipo ena mwa nduna zake za Cikatolika anagwirizana nalo. Abusa angapo anaphedwa. Mzinda wa Navarrenx wokha ndiwo unalimba. Jeanne anatumiza kazembe wochedwa Montgomery, amene analanditsa dziko lonse m'masabata owerengeka mu Ogasiti 1569. Koma kulanditsako kunali kwa magazi. Ku Orthez anthu ambiri anaphedwa, ansembe ali pomwepo, ndipo akuluakulu angapo a asilikali amene anadzipereka atalonjezedwa moyo anaphedwanso pambuyo pake. Olemba mbiri amatsutsana ngati mfumukazi inalamula zimenezi, koma zinacitika m'dzina lake.

Zitatha izi mtima wake unauma. Misa inaletsedwa ku Béarn, ndipo cuma ca mpingo wa Katolika cinatengedwa kuti cizilipira abusa, masukulu ndi osauka. Mu Epulo 1571 anakhala nao pa Sinodi ya ku La Rochelle, imene Beza anaitsogolera, nasaina cibvomerezo ca cikhulupiriro ca mipingo ya Reformed ya ku France. Mu Novembala caka comweco anatulutsa malamulo a mpingo m'dziko lake. Munali zabwino zambiri, monga kuphunzitsa ana ndi kusamala amphawi. Koma munalinso lamulo lakuti munthu aliyense azipita kukamva ulaliki, ndipo wojomba azilipira faindi, wobwereza azilandira cilango cokulirapo. Apa tisabise mau, ngakhale mai ameneyu ndi wa banja lathu la Reformed. Munthu amene ananyamulidwa kupita ku guwa asakufuna, amene anataya ukwati pokana kukokeredwa ku Misa, ndiye anali kukokera anthu ake ku ulaliki. Agogo a m'mapiri amene anabadwira mu Cikatolika nakalambiramo sanafunsidwe maganizo ao. Zoona, masiku amenewo pafupifupi mafumu onse a ku Ulaya anali kukhulupirira kuti cipembedzo ca mfumu ndico ca dziko, ndipo Jeanne sanasonkhe moto wotentha anthu monga anacitira Mfumukazi Mary ya ku England, imene inatentha Aprotestanti pafupifupi 300. Komabe mwa mafumu onsewo, iye ndiye anali kudziwa bwino kuwawa kwa kukakamizidwa.

Ulendo wa ku Paris

Nkhondo yacitatu inatha ndi pangano la mu Ogasiti 1570, limene linapatsa ma Huguenot mizinda inai yothawiramo. Pofuna kulimbitsa mtenderewo, Catherine de Medici anaganiza zakuti mwana wake wamkazi, Marguerite de Valois, wodziwika ndi dzina lakuti Margot, akwatiwe ndi Henri. Jeanne anazengereza nthawi yaitali. Anaopa kuti mwana wake akalowa m'banja limenelo adzatsata mapazi a atate ake. Komanso anadziwa kuti kukana kungadzutsenso nkhondo, ndipo Coligny ndi atsogoleri ena anali kumlimbikitsa kuvomera. Kumayambiriro kwa 1572 anapita kukakambirana yekha, woyamba ku Chenonceau kenaka ku Blois, atasiya Henri kumudzi. Makalata amene analembera mwana wake alipobe. Amadandaula kuti Catherine de Medici anali kumseka ndi kupotoza mau ake, ndiponso kuti makhalidwe a ku bwalo la mfumu anali oola kuposa m'mene anali kuganizira. Za Margot anati ndi wokongola ndi wanzeru, koma woleredwa pamalo oipa. Mtsikanayo anakanitsitsa kusiya Cikatolika, ndipo mtima wake sunali pa ukwatiwo, koma naye analibe conena. Pangano linasainidwa pa 11 Epulo.

Mu Mei Jeanne analowa mu Paris kukagula zofunika pa ukwati. Anali kuzungulira m'masitolo tsiku ndi tsiku ngakhale thupi linali litatha. Pa 4 Juni anagwidwa ndi malungo aakulu, ndipo pa 9 Juni 1572 anamwalira ali ndi zaka 43. Mphekesera inafala yakuti Catherine de Medici anamupha ndi magolovesi opaka poizoni, koma madokotala amene anang'amba mtembo anapeza kuti mapapo anali ataonongeka, ndipo lero ambiri amavomereza kuti cinali cifuwa cacikulu ca TB. Iye anapempha kuti akaikidwe ku Lescar pamodzi ndi makolo ake. Anamuika ku Vendôme, pafupi ndi Antoine, m'chalichi comwe cija cinaonongedwa iye ali mumzindamo.

Ukwati unacitika pa 18 Ogasiti, ndipo unasonkhanitsa atsogoleri a ma Huguenot mu Paris. Pa 24 Ogasiti, tsiku la Bartolomeyo Woyera, kupha kunayamba. Coligny anaphedwa m'cipinda cake, ndipo anthu zikwizikwi anaphedwa mu Paris ndi m'mizinda ina m'masabata otsatira. Henri anapulumuka povomera Misa. Anathawa mu 1576 nabwerera ku Reformed, nakhala mfumu ya France mu 1589, ndipo mu 1593 analowanso Cikatolika kuti Paris imlandire. Cimene amai ake anaopa cinacitikadi. Koma ndi Henri yemweyo amene mu 1598 anasaina lamulo la ku Nantes, lopatsa Aprotestanti ufulu wopembedza m'dziko la Cikatolika, ndipo caka cotsatira analola Misa kubwerera m'madera ena a Béarn.

Lamulo la ku Nantes linakhala zaka 87. Analifafaniza mu 1685 ndi Louis XIV, mdzukulu wa Henri, ndipo ma Huguenot ambirimbiri anathawa m'dziko. Kagulu kena kanafika ku Cape mu 1688, ndipo m'kupita kwa nthawi kanalowa mu mpingo wa Dutch Reformed, banja la mipingo limene linatumiza amishoni ku Magwero mu 1899. Maina monga Du Plessis ndi De Villiers, amene timawamva ku South Africa, ndi a anthu amenewo.

Maso a anthu onse anali pa Henri, ndipo ndi ocepa amene amakumbukira Catherine, mwana wamkazi uja. Amai ake pomwalira anali ndi zaka 13. Naye anakakamizidwa kulowa Cikatolika pambuyo pa kuphana kwa ku Paris, koma atangomasuka anabwerera ku mpingo wa amai ake, ndipo kwa zaka zambiri analamulira Béarn m'malo mwa mlongo wake. Mu 1599 Henri anamkwatitsa kwa kalonga wa ku Lorraine, wa banja lolimba kwambiri pa Cikatolika. Anamtumizira ansembe ndi akatswiri a zaumulungu kuti amtembenuze, mlongo wake naye anamuopseza, koma iye anasunga abusa ake m'nyumba. Anamwalira ku Nancy mu Febuluwale 1604, ali wa Reformed.